Kalata Yolembedwa pa Mkuwa

Masiku ano n'kovuta kupeza tauni kapena msika wa kumudzi kumene kulibe munthu wa sikelo wogula zitsulo zakutha. Amagula chilichonse: makasu okutha, malimu a njinga, mapoto obooka, mabatire a galimoto. Akaona mkuwa ndiye amachita kumwetulira, pakuti mkuwa uli ndi mtengo woposa chitsulo wamba. Malonda amenewa sindikuwanyoza ayi, chifukwa athandiza mabanja ambiri kupeza ya mchere ndi ya sopo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti pakati pa katundu amene akukwera pa sikelo pali zinthu zina zoti zikangosungunulidwa, mbiri yake yathera pomwepo. Zina mwa zinthu zimenezi ndi makoko a zipolopolo za mizinga, otsala pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945.

Mwina ena mwa inu mudawaonapo makokowa koma osadziwa kuti n'chiyani. Khoko limaoneka ngati chitini chachitali cha mkuwa wachikasu, chotseguka kumwamba, chokhala ndi mkombero kunsi. Ena ali m'matchalitchi akale momwe amaikamo maluwa a paguwa. Ena ali m'nyumba zakale za m'maesiteti. Ena ali kwa zidzukulu za asilikali a Keyala, ali pakona ya nyumba, mutadzaza misomali ndi mabatani. Ine sindine msilikali. Ndimagwira ntchito m'boma, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikutsegula ndi kutseka mafayilo. Ntchito imeneyi idandiphunzitsa kuti pepala la boma limadziwika ndi chidindo. Ukadziwa kuwerenga chidindo, umadziwa ofesi imene pepala lidachokera, tsiku limene lidalembedwa ndiponso amene adalivomereza. Khoko la chipolopolo cha mzinga nalonso ndi kalata ya boma, kungoti idalembedwa pa mkuwa. Tsono ndikufuna ndifotokoze m'mene kalatayi imawerengedwera, zimene imanena, zimene imasiya osanena, ndi pamene pagona mtengo wake weniweni.

Tiyambe ndi kuchimvetsa chinthucho. Chipolopolo cha mzinga chili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Kutsogolo kuli mutu wachitsulo, umene umauluka n'kukagwera kwa adani. Kumbuyo kuli khoko la mkuwa, m'mene mumakhala wonga wokankha mutuwo. Pakati penipeni kunsi kwa khoko pali kabatani kamene kamayatsa wonga kakagogodedwa. Mzinga ukalira, mutu umapita, khoko n'kutsala, monga limatsalira khoko la mtedza njere ikadyedwa. Sadasankhe mkuwa mwangozi. Wonga ukayaka, mkuwa umafufuma pang'ono n'kutseka mipata yonse kuti moto usabwerere kwa owombera, kenako umabwereranso m'malo mwake, khoko n'kusololoka mosavuta. Mkuwa wake ndi wosakaniza: pa magawo 100 alionse, pafupifupi 70 ndi kopa ndipo 30 ndi zinki. Njira imeneyi idafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi imodzi mwa nzeru zimene zidachititsa kuti mizinga iziwombera mofulumira. Mizinga yakale yothira wonga kukamwa ngati mfuti ya gogodera, komanso ina imene wonga wake unkabwera m'timatumba ta nsalu, sinkasiya makoko.

Ndisanapitirire, pali chenjezo limene sindingalilumphe. Khoko lopanda kanthu si loopsa, koma mutu wachitsulo uja ndi woopsa ngakhale utagona m'nthaka zaka 100. Umadziwika ndi kusongoka kwake, kulemera kwake, ndi lamba wa kopa wozungulira chakunsi kwake. Ku France ndi ku Belgium alimi amaifukulabe mitu yotere chaka ndi chaka akamalima m'minda mmene mudamenyedwa nkhondo yoyamba, ndipo saigwira okha, amaitana akatswiri kuti adzaichotse. Kwathu kuno chenjezoli likukhudza makamaka okhala m'malire ndi Mozambique, kumene nkhondo yapachiweniweni idatha mu 1992. Mukaona chinthu chosongoka ndi chotsekeka, kapena khoko limene kabatani kake n'kosalala, kopanda kachibowo kosonyeza kuti kadagogodedwa, musachinyamule, musachimenye ndi hamala, musachiike pamoto. Chotsanipo ana, kauzeni apolisi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula la apa ndi lakupha.

Mukatsimikiza kuti khoko ndi lopanda kanthu, ntchito yoyamba ndi ya lula. Yezani kukula kwa mkati mwa kukamwa kwake, kenako kutalika kwake kuchokera kunsi mpaka kumwamba. Manambala awiriwa ndiwo amaloza mtundu wa mzinga. Angerezi ankatchula mizinga yawo yambiri potengera kulemera kwa mutu m'mapaundi, choncho mzinga wa 18 PR ndi umene mutu wake unkalemera mapaundi pafupifupi 18. Khoko lake ndi la mamilimita pafupifupi 84 kukamwa ndi 295 m'litali. La mzinga wa 13 PR ndi la 76 kukamwa ndi 313 m'litali. La mzinga wa 25 PR, umene udatchuka pa nkhondo yachiwiri, ndi la 88 kukamwa ndi 292 m'litali. Taonani kuti la 18 PR ndi la 25 PR n'ngofanana msinkhu, moti wongoyang'ana ndi maso angawasokoneze, chonsecho lina ndi la nkhondo ya agogo, lina la nkhondo ya ana awo. Khoko la mzinga wotchuka wa ku France ndi la 75 kukamwa ndi 350 m'litali, pamene la mzinga wamba wa Ajeremani ndi lalifupi, la 77 kukamwa ndi 230 m'litali. Timizinga ta Hotchkiss ta pa sitima za pamadzi tinali ndi makoko a 47 kapena 57 kukamwa, okhala ndi khosi ngati botolo. Makoko ambiri adadulidwa kuti asanduke zikho kapena mbale zotayiramo phulusa la fodya. Likakhala lodulidwa, lula sathandiza kwenikweni, umboni wonse umatsalira kunsi.

Tembenuzani khokolo, pukutani kunsi kwake ndi nsalu yofewa. Zilembo zikakhala zosaoneka bwino, pakanipo choko n'kupukuta pang'ono, kapena ikanipo pepala n'kukhwekhwereza pensulo pamwamba pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa khoko la Angerezi mudzapeza dzina la mzinga, monga 13 PR kapena 25 PR, ndi nambala ya Chiroma, monga I kapena II, yosonyeza mtundu wa kapangidwe. Mudzapeza chaka chimene lidapangidwa ndi nambala ya gulu la makoko opangidwa pamodzi. Mudzapeza kachizindikiro konga phazi la nkhuku, kamizere itatu yokumana pamwamba. Kameneko ndiko chidindo cha katundu wa boma la Britain, ndipo kakakhala mkati mwa chilembo C ndiye kuti khokolo ndi la ku Canada, pakuti nkhondo itakula Britain inkagula zipolopolo ku Canada ndi ku America. Mudzapezanso zilembo za fakitale: RL ndi Royal Laboratory ya ku Woolwich mu London, EOC ndi Elswick Ordnance Company, VSM ndi Vickers, Sons and Maxim, KN ndi King's Norton ya ku Birmingham. Zilembo CF zimatanthauza kuti mudathiridwa muyeso wathunthu wa wonga wotchedwa cordite. Mkuwa unali wodula, choncho makoko ankatoleredwa, kubwezedwa ku fakitale, kuwongoledwa ndi kuthiridwanso wonga, ndipo nthawi iliyonse ankawonjezerapo F wina. Khoko la ma F awiri kapena atatu ndi msilikali amene adabwerera kunkhondo kangapo. Kabatani kapakati kali ndi chaka chakechake, chimene nthawi zambiri chimakhala cha pambuyo pa cha khoko.

Ajeremani ankalemba momveka kuposa apa. Mafakitale awo ena ankadinda dzina lonse, monga PATRONENFABRIK KARLSRUHE kapena POLTE MAGDEBURG, pamodzi ndi mwezi ndi chaka. Zilembo St zimasonyeza khoko lolimbitsidwa, ndipo Sp yotsatana ndi nambala ndi chidindo cha woyendera amene adalivomereza. Khoko la asilikali awo a pamadzi limakhala ndi chisoti chachifumu pamwamba pa chilembo M. La ku France limalembedwa 75 DE C, kutanthauza mzinga wa 75 wa asilikali a pamtunda, ndipo chaka chimalembedwa ndi manambala awiri okha, monga 16 kapena 17. Mukapeza zilembo za Chirasha, kapena maginito akamamatira chifukwa khokolo ndi lachitsulo chopaka utoto, kawirikawiri ndiye kuti mwagwira chinthu cha nkhondo za pambuyo pake. Musaiwalenso kuti mizinga yowombedwa pa miyambo ya boma polemekeza akuluakulu nayonso imasiya makoko, ndipo amenewo ndi a dzulodzuloli ngakhale atada bwanji.

Nanga zinthu zopangidwa ku Woolwich ndi ku Karlsruhe zikutikhudza bwanji ife? Zikutikhudza chifukwa nkhondo yoyamba sidachedwe kufika pakhomo pathu. Britain idalowa nkhondo pa 4 Ogasiti 1914. Pa 13 mwezi womwewo sitima ya boma la Nyasaland yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, idaoloka nyanja yathu n'kukapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhafen, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Adaiwombera ndi mzinga wa Hotchkiss n'kuilemaza, pamene kaputeni wa Ajeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Olemba mbiri ambiri amati uku kudali kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi pa nkhondo yonseyo. Mzinga wa Hotchkiss wochokera pa Guendolen udaimikidwa ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo aliyense angathe kukauona. Patangopita milungu inayi, pa 9 Sepitembala 1914, Ajeremani adaoloka malire a kumpoto n'kuukira Karonga, koma adabwezedwa atataya anthu ambiri ndi mizinga yawo ina. Manda a azungu a mbali zonse ziwiri amene adafa tsiku limenelo alipobe ku Karonga. Imfa za anthu akuda pa nkhondo imeneyi ndi zina mwa zimene zidachititsa Mbusa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti osauka a dziko lino akufera mkangano umene si wawo.

Karonga chinali chiyambi chabe. Mu Meyi 1916 gulu lankhondo la General Edward Northey lidanyamuka m'malire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia kulowera m'dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania. Mdani wawo, Paul von Lettow-Vorbeck, sadagwidwe. Adaoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique mu Novembala 1917, adazungulira n'kubwereranso, ndipo adadzatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patatha milungu iwiri nkhondo itatha ku Ulaya. Zaka zonsezi katundu wa Northey ankadzera m'dziko muno. Ankatsika pa doko la Chinde, kukwera ndi mtsinje wa Zambezi mpaka pa Chindio, kuyenda pa njanji mpaka ku Limbe, pa msewu kudzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston, ndiye Mangochi wa lero, kenako pa sitima za panyanja kupita kumadoko a kumpoto ndi kum'mawa. Kuchokera pamenepo kudali mapiri, nkhalango ndi matope. Ng'ombe, akavalo ndi abulu zinkafa ndi kashembe, ndipo galimoto zinkatitimira mvula ikagwa. Chimene chidatsala ndi mutu wa munthu.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. Wolemba mbiri Melvin Page, amene adacheza ndi okalamba ambiri a dziko lino m'zaka za m'ma 1970 n'kulemba buku lotchedwa The Chiwaya War, adasonyeza kukula kwa mtolo umene makolo athu adasenza. Amuna pafupifupi 19,000 a ku Nyasaland adalowa usilikali, pamene pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga ndi zina zotero, m'dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sadapite mwa kufuna kwawo, adachita kugwidwa m'midzi, ena usiku. Mtolo wa munthu mmodzi unali makilogalamu pafupifupi 25. Ukakhala mtolo wa zipolopolo za mzinga, ndiye kuti zinali zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi, zimene mzinga unkatha kuzimaliza mphindi imodzi isanathe. Taganizani, munthu kuyenda milungu, wopanda nsapato, chakudya chopereŵera, kamwazi, malungo ndi chibayo zikugwetsa anzake m'mbali mwa njira, kuti akapereke katundu wa mphindi imodzi. Khoko lililonse limene lidawombedwa kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania ndi gulu la Northey lidadutsapo pa nkhata ya munthu. Fakitale idadindapo dzina lake, woyendera adadindapo nambala yake, mfumu ya ku Ulaya idadindapo chizindikiro chake. Wonyamula yekha ndiye alibe chidindo.

Choncho powerenga khoko tiyenera kudziwa malire a umboni wake. Chidindo chimanena kumene lidabadwira, sichinena kumene lidawombedwa kapena amene adaliwomba. Pali misampha itatu imene ndaiona. Woyamba ndi wa chaka. Chaka cha pa khoko ndi cha kupangidwa kwake, choncho silingakhale la nkhondo imene idamenyedwa chakacho chisanafike. Tsiku lina, ndili pa ulendo wa ntchito, banja lina lidandionetsa khoko limene ankati agogo awo adabwera nalo kuchokera ku nkhondo ya ku Karonga. Titalitembenuza tidapeza 25 PR ndi chaka cha 1943. Sikuti ankanama ayi. Titafunsa gogo wina wamkazi wa pamudzipo, zidapezeka kuti m'banjamo mudali amuna awiri a kunkhondo, bambo ndi mwana wake, wina wa nkhondo ya chiwaya, wina wa nkhondo yachiwiri, ndipo m'kupita kwa zaka nkhani zawo zidalukana n'kukhala imodzi. Asilikali a Keyala a ku Nyasaland adamenyadi nkhondo yachiwiri ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Chidindo chidabwezera banjalo gogo mmodzi amene anali atayamba kusoŵa m'nkhani zawo.

Msampha wachiwiri ndi woganiza kuti zilembo za Chijeremani zikutanthauza kuti adaliwomba ndi Mjeremani. Pa nkhondo ya kuno zida zinkasintha manja kwambiri. Asilikali a ku South Africa amene adabwera kudzathandiza Northey adabwera ndi mizinga ya m'mapiri ya mamilimita 75 yopangidwa ku Germany, imene adalanda mu 1915 ku South West Africa, dziko limene lero ndi Namibia. Nawonso Ajeremani, popeza njira ya panyanja yaikulu inali itatsekedwa, ankadalira zimene alanda kwa Angerezi ndi Apwitikizi. Adazulanso mizinga 10 ya mamilimita 105 pa sitima yawo yankhondo ya Königsberg, imene idamira pa mathiriro a mtsinje wa Rufiji mu Julayi 1915, n'kuikoka pamtunda ndi mphamvu za anthu. Msampha wachitatu ndi woganiza kuti khoko lililonse lopezeka m'Malawi lidawombedwa mu Africa. Mizinga ya 18 PR ndi ya 75 ya ku France idagwira ntchito yake yaikulu ku Ulaya. Khoko lotere likapezeka ku Thyolo kapena ku Zomba, n'kutheka kwambiri kuti lidabwera m'bokosi la mzungu amene adadzakhala kuno nkhondo itatha. Limeneli lili ndi mbiri yake ndithu, koma ndi mbiri ina.

Tsopano tibwere ku funso limene aliyense amathamangira kufunsa: nanga ndi ndalama zingati? Yankho langa ndi lakuti pali masikelo atatu, ndipo iliyonse imayeza zake. Yoyamba ndi ya wogula zitsulo. Iye safunsa chaka kapena fakitale, amangoona singano ya sikelo. Khoko la mzinga wamba silikwana n'komwe makilogalamu awiri, choncho ndalama yake ndi ya ndiwo za masiku ochepa. Imeneyi ndiyo sikelo yotsika kuposa onse, komanso ndi yokhayo imene ikagula imaononga chimene yagula.

Sikelo yachiwiri ndi ya anthu osonkhanitsa zinthu zakale zankhondo, amene ambiri ali ku Ulaya ndi ku America. Apa ndiyenera kukhumudwitsa amene akuganiza kuti apeza chuma. Kukalamba kokha sikukweza mtengo, chimene chimakweza ndi kusoŵa. Mizinga ya 18 PR idawomba zipolopolo pafupifupi 100 miliyoni ku France ndi ku Belgium. Sabata imodzi yokha isanayambe nkhondo ya pa mtsinje wa Somme mu Julayi 1916, Angerezi adawomba zipolopolo zoposa miliyoni imodzi ndi theka. Chifukwa cha ichi makoko a 18 PR, a 25 PR, a 75 ndi a 77 ali mbwee m'misika ya zakale ya kumeneko, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Ogulawa amayang'ana ngati mzinga wake unali wosoŵa, ngati khoko ndi lathunthu, losadulidwa, losabooledwa ndi losaphwanyika kukamwa, ngati zilembo zikuwerengeka, ndiponso ngati pali umboni wolembedwa wa kumene lidachokera. Apa ndi pamene ambiri amadziononga okha. Pofuna kuti khoko liwale, amalikwecha ndi mchenga kapena phulusa mpaka zilembo kufufutika. Kuda kwa mkuwa wakale si litsiro ayi, ndi imvi zake. Kukwecha khoko kuli ngati kuchapa satifiketi ndi sopo.

Palinso makoko ozokotedwa maluwa, mbalame, mayina a malo ndi zaka. Ena adazokota ndi asilikali ndi akaidi ankhondo pa nthawi yopuma, koma ambiri adapangidwa nkhondo itatha ndi anthu wamba a ku France ndi ku Belgium, amene ankagulitsa kwa alendo obwera kudzaona manda a abale awo. Mtengo wa otere umatengera luso la mmisiri ndiponso ngati pali dzina la munthu kapena la gulu lankhondo loti n'kulitsatira. Chenjerani, chifukwa khoko likhoza kukhala la 1917 koma zozokota zake n'kukhala za chaka chatha. Mizere yakale imada mofanana ndi khoko lonse, pamene yatsopano imawala mkati. Mtima wosandutsa chida chakupha kukhala chokongoletsa si wa azungu okha. Anansi athu a ku Mozambique, kudzera mu ntchito imene Bishopu Dinis Sengulane adayambitsa mu 1995 yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, adapereka zidutswa za mfutizo kwa amisiri, ndipo mpando umene Cristóvão Canhavato adaumba ndi zidutswazo uli ku British Museum mu London.

Sikelo yachitatu ndi ya mbiri, ndipo kwa ife Amalawi ndiyo yolemera koposa. Pa sikelo imeneyi khoko lophwanyika, lakuda, loti wogula wa ku London sangaliyang'ane kawiri, lingathe kuposa lonyezimira, malinga ngati pali munthu wodziwa kunena kuti adabwera nalo ndi uje, mwana wa uje, wa m'mudzi wakuti, amene adapita chaka chakuti n'kubwera chaka chakuti. Chidindo chopanda nkhani ndi mkuwa chabe, ndipo nkhani yopanda chidindo imasokonekera m'kupita kwa mibadwo, monga taonera. Ziwirizi zikakumana ndiye timapeza umboni woti ungaime paliponse. Umboni wotere tikuusoŵa kwambiri. Nsanja ya njerwa zofiira ya ku Zomba imakumbutsa asilikali a Keyala, koma amtengatenga ambiri amene adafera m'njira adaikidwa m'manda opanda dzina. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a ankhondo, lidavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000 amene adafa pa nkhondo yoyamba, ambiri mwa iwo a ku Africa kuno, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi azungu. Zimene zidatsala kwa ife ndi magule monga beni, malipenga ndi mganda, amene amatsanzira perete wa asilikali, timendulo tochepa, ndi tizinthu ngati makokowa.

Pempho langa kwa amene muli ndi khoko lotere ndi losavuta. Musalikweche, musalidule, musaliboole. Tengani kope, lembani kukula ndi kutalika kwake, kopani zilembo zonse monga zilili, ngakhale zimene simukuzimvetsa, ndipo lijambuleni kunsi ndi m'mbali ndi foni. Kenako khalani pansi ndi wamkulu kuposa onse pabanja panu, mumufunse amene adabwera nalo, kumene adapita, amene adapita naye limodzi, ndi amene sadabwereko. Lembani mayina onse, makamaka a osabwerawo. Pepalalo lipindeni, muliike m'khoko momwemo, lina musunge padera. Mukafuna thandizo, nthambi ya boma yosamala zinthu zakale ili ndi nyumba zake ku Chichiri mu Blantyre ndi ku Mangochi, ku Karonga kulinso nyumba yosungiramo zakale imene idatsegulidwa mu 2004, ndipo zikalata zakale za boma zimasungidwa ku Zomba. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, limene silola kutulutsa kunja zinthu za mbiri popanda chilolezo, choncho mlendo akakunyengererani ndi ndalama, yambani mwafunsa.

Amene adamenya nkhondo ya chiwaya adatha onse. Ana awo, amene adamva nkhanizi kuchokera pakamwa pa eni ake, atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse tikuwaperekeza kumanda. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mkuwa ungathe kudikira zaka zina 100 osasintha, koma wodziwa dzina la amene adausenza sangadikire. Mafakitale a ku Ulaya adalemba kale mbali yawo ya kalatayi, ndipo adalemba mosamala, mpaka mwezi ndi nambala ya woyendera. Mbali imene idatsala yopanda kanthu ndi yathu, ndipo palibe wina amene adzatilembere.